Nkhope Zimene Ndinagulitsa

Zaka zimenezo sindingathe kuziyala m'ndondomeko yake. Ndikazikumbuka zimabwera ngati matauni amene munthu amaona ali m'basi akusinza: apa msika, apa chigayo, apa nyumba yogona alendo yopaka laimu, kenako msika womwe uja. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinayenda kwambiri, kamera ili m'khosi, ndipo kulikonse kumene ndinachoka ndinasiyako munthu ataweramitsa mutu.

Ntchito yojambula ndinaiphunzira ndili wamkulu kale, esiteti ya fodya imene ndinkagwirako itatsekedwa. Ndinafika pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu wafumbi, n'kupezapo a Thawale, mkulu wa diso limodzi amene anali ndi kachipinda kojambulira pakati pa butchala ndi telala. Kukhoma anapachikako nsalu yojambulidwa nyumba yosanja, ndege ikudutsa pamwamba pake. Anthu ankabwera ndi mapazi otuwa, kubwereka jekete ya a Thawale, n'kuima patsogolo pa nyumba yosanjayo ngati ndi yawo.

"Mphwanga," anandiuza tsiku loyamba, "munthu sabwera muno ndi nkhope yake. Amabwera kudzafuna ina. Iwe uzimupatsa imeneyo, osafunsa zambiri."

Ndinaphunzira kuimika munthu moyang'ana kumene kukuchokera kuwala, kumukweza chibwano, ndi kumudikira mpaka mapewa ake atatsika. Ndinajambula maukwati, maubatizo ndi ana a sukulu ofuna zithunzi za mayeso. Kenako kunabwera mafoni okhala ndi kamera. Anthu anayamba kudzijambula okha, mkono atatambasula, milomo atasongola ngati nsomba. A Thawale anatsitsa nsalu ija n'kuiyala padenga la khola la nkhuku poti linkadontha. Kamera yawo yaikulu, ya diso lalitali, anandipatsa ine.

"Pita nayo kumene kudakali anthu ofuna nkhope," anatero.

Sindinawaonenso.

Ndinafika m'tauni ina yokhala ndi njanji imene sitima inaleka kudutsapo. M'kanyumba kena komwera tiyi ndinakumana ndi a Zakeyu, mkonzi wa nyuzipepala yotuluka Lachisanu lililonse. Anali munthu wamfupi, wa zala zonenepa, ndipo ankanyika buledi m'tiyi mpaka zikhadabo kunyowa. Nyuzipepala yawo inali ya tsamba loyamba lofiira. Anthu amene ankaitukwana Lamulungu ndi omwewo amene ankailimbirana Lachisanu.

Anayang'ana kamera yanga asanayang'ane ine.

"Mumajambula chiyani, achimwene?"

"Maukwati, bwana."

"Chithunzi cha ukwati chimagulidwa ndi anthu awiri, nawonso akayambana amaching'amba. Ine ndikufuna chithunzi choti dziko lonse lichigule. Inu mumajambula anthu akamatuluka m'tchalitchi. Ine ndikufuna akamatuluka kwina."

Kwa a Zakeyu ndinaphunzira kudikira. Ambiri amaganiza kuti akuluakulu amapita kwa zibwenzi zawo usiku. Usiku amakhala kwawo, akuonera nkhani pa kanema ndi akazi awo, akupukusa mitu chifukwa cha makhalidwe a achinyamata a masiku ano. Nthawi yawo ndi masana, pakati pa msonkhano wa m'mawa ndi wa madzulo, dzuwa lili paliwombo, aliyense akuganiza za mimba yake. Ndinaphunzira kuzindikira galimoto yoimikidwa kuseri, nambala yake itayang'ana kukhoma. Ndinaphunzira kuti dalaivala akatumidwa kukagula mayunitsi kutali, pamene ogulitsa ali pageti pomwepo, ndiye kuti ndikonze kamera.

Woyamba anali m'busa wa mpingo wa m'chihema, amene anali ndi pulogalamu pa wailesi. Lachiwiri lililonse ankakalipira akazi ovala zazifupi mpaka mawu kusasa. Ndinamudikira masiku anayi ndili m'minibasi yakufa, yopanda matayala, imene inali moyang'anizana ndi khomo lakuseri la nyumba yogona alendo. Khomolo linali lobiriwira. Pambali pake mayi wina ankayanika nsalu zapabedi, wosayang'ana olowa kapena otuluka. Tsiku lachinayi m'busayo anatuluka akumanga wotchi padzanja, kumbuyo kwake kuli mkazi wa bulauzi yachikasu. Ndinadina katatu.

Lachisanu chithunzi chinatuluka. M'maso mwa m'busa anaikamo kamzere kakuda, ndipo pansi analemba kuti "m'busa wina wotchuka". Nkhope ya mkaziyo inali poyera, itazunguliridwa ndi mzere wofiira, muvi ukuiloza ngati kuti wina akanaiphonya. Analembanso dera limene ankakhala.

"Bwana," ndinafunsa, "bwanji mwatchinga mmodzi yekha?"

"Uyu ali ndi maloya," anatero a Zakeyu akuloza ndi chala chonyowa. "Nanga uyu ali ndi chiyani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka, achimwene. Timangomenya pambali kuti anthu amve phokoso."

Lamulungu ndinapita kuchihema kuja. M'busa analira pamaso pa mpingo, nanena kuti anapita kukapempherera nkhosa yotayika ndipo Satana anatuma kamera. Mkazi wake anam'pukuta thukuta ndi kampango koyera. Anthu anaimirira manja ali m'mwamba. Mwezi usanathe, chihemacho anachiwonjezera mbali ina chifukwa cha kuchuluka kwa anthu. Ambiri ankabwera kudzaona ngati maso ake akufanana ndi amene anali kuseri kwa kamzere kaja, ndipo akabwera sankachokanso.

Mkazi wa bulauzi yachikasu uja amayi a mumsika anamuthira madzi otsukira nsomba. Mwini nyumba anamutulutsira matilesi panja. Tsiku limene a Zakeyu ananditumiza ku tauni ina, ndinamupeza padepoti ali ndi chikwama chimodzi, ndipo tinakwera basi imodzi. Iye sankandidziwa. Anakhala patsogolo panga akukukuta chimanga chootcha. Bambo amene anakhala naye pampando anali ndi nyuzipepala ija. Ankayang'ana papepala, kuyang'ana mkaziyo, kubwereranso papepala, ulendo wonse, kenako anamufunsa nambala ya foni.

Kuchokera pamenepo matauni anayamba kufanana. Kunali tauni ya m'malire, ya malole ambiri. Kunali tauni ya pakati pa minda ya tiyi, kumene nkhungu sinkachoka mpaka masana. Kunali ina imene sindikumbukako kalikonse kupatula fungo la mphero ya mpunga. Kulikonseko kunali nyumba yogona alendo ya khomo lobiriwira lakuseri, ndipo pambali pake mayi woyanika nsalu zapabedi. Nthawi zina ndinkafuna kumupatsa moni ngati wodziwana naye.

Ndinajambula woyimba nyimbo zauzimu. Ndinajambula mkulu wa timu ya mpira, mphunzitsi wamkulu wa koleji ina, ndi aphungu angapo. Ndinafika pokayika ngati anali anthu osiyana. Mimba inali yomweyo, nsapato zosongoka zomwezo, ndipo onse akamatuluka ankayang'ana kumanzere ndi kumanja koma osayang'ana kutsogolo, kumene ine ndinali. Ndinkaona ngati ndi mwamuna mmodzi amene ankangosintha jekete n'kukandidikira m'tauni yotsatira.

Kupepesa kwawo kunalinso kumodzi. Ankaitana atolankhani ku hotela. Patebulo pankakhala nsalu yoyera ndi timabotolo ta madzi. Mkazi wa bwana ankakhala pambali atavala chitenje chofanana ndi malaya a mwamuna wake, maso ali pamwamba pa mitu yathu, ngati munthu wodikira basi. Bwana ankatsokomola, n'kutchula adani ake, n'kutchula Mulungu, n'kupempha kuti banja lake lilemekezedwe pa nthawi yovutayi. Atolankhani ankalemba zonsezo mitu ili pansi, makutu ali kukhitchini, kumene kunkachokera masamusa. Panalibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti mkazi wa pachithunzi uja ali kuti.

Pa wailesi ankatsegula mafoni. Amuna ankaimba ali m'malo omwera mowa, nyimbo zikumveka kumbuyo, kunena kuti amayi oyendayenda atha dziko ndipo boma liwamange onse. Amayi a mabanja ankaimba kunena kuti mwamuna ndi mwana, wolakwa ndi amene anamukopa. Pakatha sabata nkhani inkazirala, pepala n'kukakulungira usipa kumsika. Bwana ankabwerera pampando wake. Wina mpaka anapambana chisankho ndi mavoti ochuluka kuposa kale, chifukwa anyamata a m'dera lake ankati ameneyu ndiye mwamuna.

Zithunzi zina sizinkatuluka n'komwe. A Zakeyu ankaziika mu envulopu, kuvala taye, n'kupita nazo kwa mwini wake kukamva mbali yake. Ankabwerako akuimba mluzu, ndipo Lachisanu lotsatira kampani ya bwanayo inkakhala ndi tsamba lonse la malonda m'nyuzipepala yathu. Ine ndinkadya nawo, sindikubisa. Ndinanenepa m'khosi. Ndinkadziuza kuti ndikuulula achinyengo, ndipo mawu amenewa ndinkawanena mokweza ndikamwa. Mlongo wanga atakwatitsa mwana wake, anaitana wojambula wina. Ine ananditumizira uthenga woti ndibwere, koma kamera ndisiye.

Kenako ndinafika mumzinda waukulu, wa misewu yotakata yopanda anthu oyenda pansi. Kumeneko kunali nduna ina imene inatchuka ndi kuyeretsa dziko. Inalamula apolisi kuti azisesa amayi oyendayenda m'misewu, ndipo pa kanema inkaoneka itaima pambali pa lole yodzaza akazi ophimba kumaso ndi zitenje, ikunena kuti dziko loopa Mulungu silingalole nyansi. A Zakeyu anamva mphekesera yakuti nduna yomweyo Lachitatu lililonse masana imasowa ku ofesi kwa maola awiri.

"Mukandigwirira ameneyu," anatero pafoni, "mudzakhala mwagwira ntchito ya moyo wanu wonse."

Malo amene ndunayo inkapitako anali a mpanda wautali, a maluwa pageti, koma kuseri khomo linali lobiriwira. Ndinapeza kachipinda kapafupi. Masana ndinkadya m'chisakasa china cha malata, mmene ankagulitsamo mpunga wa nyemba. M'menemo ndinadziwana ndi mayi wina wa zaka pafupifupi makumi anayi, wa mpata pakati pa mano, amene ankadya mofulumira ngati wina amulanda. Anzake ankamuitana Jesika. Tsiku lina mvula inatitsekera m'chisakasamo tili awiri, ndipo tinacheza mpaka inakata.

"Jesika ndi la ntchito," anandiuza. "Amayi anga ananditcha Tinenenji. Kuno palibe amene amalidziwa."

Anali ndi mwana mmodzi, Mtisunge, amene anali Folomu 4 pa sukulu yogonera komweko ya masisitere. Mwanayo ankadziwa kuti mayi ake amagwira ntchito polandirira alendo pa hotela. Ine ndinamuuza kuti ndimajambula maukwati, ndipo anangogwedeza mutu. Patapita masiku anabwera ndi jekete yabuluu ya hotela imene anabwereka kwa mnzake, n'kundipempha kuti ndimujambule kuti atumizire mwana wake. Ndinamuimika pafupi ndi maluwa a pageti paja, ndinamukweza chibwano, ndinadikira mapewa ake atsike. Pa zithunzi zonse zimene ndinajambula m'moyo wanga, chimenecho ndiye chinali chabwino koposa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akuseka chamumtima.

"Koma ndiye ndikuoneka ngati munthu," anatero.

Lachitatu loyamba ndinaona galimoto yakuda ikuima kuseri, dalaivala n'kuchoka wapansi. Nduna inalowa. Patapita kanthawi, Tinenenji analowanso pakhomo lomwelo. Tsiku limenelo sindinajambule. Ndinadziuza kuti kuwala sikunali bwino.

Mawa lake m'chisakasa muja anabwera kudzakhala pafupi nane, mbale yake ili m'manja.

"Achimwene, ntchito yanu ndikuidziwa. Wojambula maukwati sakhala kuseri kwa mulu wa njerwa Lachitatu masana." Anayankhula motsitsa mawu, akusankha timiyala mu mpunga. "Iwowo ajambuleni, ndilibe nawo chisoni. Mwezi watha anzanga awiri anagona kupolisi chifukwa cha iwo, mawa lake iwo anali ndi ine. Koma ine mundisiye. Mwana wanga akulemba mayeso mwezi wamawa."

"Nkhope yanu siioneka, achemwali," ndinatero. "Ndikulonjeza."

"Ndamva," anatero, n'kupitiriza kudya.

Lachitatu lotsatira dzuwa linali bwino. Nduna ndi Tinenenji anatuluka pamodzi, zimene sankachita kawirikawiri, ndipo ndinadina katatu. Pachithunzi choyamba nkhope ya nduna inali poyera, Tinenenji atatembenuka, akuoneka msana wokha. Pachiwiri nduna inali itatembenukira kugalimoto, Tinenenji akuyang'ana kumene ndinali. Chachitatu chinagwedera. Ndikanatha kufufuta chachiwiricho pomwepo, ndi chala chimodzi. Koma kuwala kunagwa bwino pa nkhope yake, ndipo ndinkafuna a Zakeyu aone luso langa. Ndinatumiza zonse, n'kuwaimbira foni.

"Bwana, mugwiritse ntchito choyambacho. Mayiyo asaoneke."

"Musadandaule," anatero. "Kodi mkaziyo ndi ndani? Kapena simunafufuze, mwangojambula ngati mwana wa sukulu?"

"Ndinafufuza. Amadzitcha Jesika, koma dzina lake lenileni ndi Tinenenji."

Ndinanena choncho kuti adziwe kuti ndine katswiri. Panalibe wondikakamiza.

Lachisanu ndinaona nyuzipepala ili m'manja mwa ogulitsa pamphambano, ndisanawoloke msewu. Nkhope ya Tinenenji inadzaza theka la tsamba, mpata wa m'mano uja ukuoneka. Pambali pake panali msana wa jekete yakuda. Mutu wa nkhani unali wakuti HULE AKOLA NDUNA. Nduna sanaitchule, anangoti "nduna ina". Dzina la Tinenenji analilemba kanayi. Patsamba lachitatu panali uthenga wa tsamba lonse wochokera ku ofesi ya nduna yomweyo, wolimbikitsa makhalidwe abwino m'mabanja.

Ndinakwera basi kupita kwa a Zakeyu. Ndinawapeza ali ndi tiyi wawo.

"Munalonjeza, bwana."

"Ine ndinati musadandaule. Kudandaulako mwasankha nokha." Ananyika buledi. "Chithunzi munatumiza ndinu. Dzina munandipatsa ndinu. Ine ndangokonza masipelo. Khalani pansi mumwe tiyi."

Sindinakhale, koma sindinawamenyenso kapena kuwatukwana. Ndinangoima ngati munthu amene waiwala chimene wadzera, kenako ndinatuluka.

Nditabwerera mumzinda muja, m'chipinda cha Tinenenji munali mutalowa kale munthu wina. Mayi wophika mpunga m'chisakasa muja ndi amene anandiuza zonse, osadziwa kuti akuuza ndani. Apolisi anabwera kudzatenga Tinenenji Loweruka, ati chifukwa choipitsa mbiri ya boma, n'kumutulutsa patapita masiku awiri. Kusukulu kuja atsikana anadula tsamba lija n'kulimata pachitseko cha chipinda chogona. Masisitere anaitana Mtisunge, nanena kuti makolo ena akudandaula. Mwanayo anachoka kutatsala milungu itatu kuti mayeso ayambe.

"Ojambula amenewa ndi afiti," anatero mayiyo akundiwonjezera nyemba. "Amadya anthu masanasana."

Sabata yotsatira nduna inatsegulira mlatho. Ndinaiona pa kanema ikudula riboni, amayi akuvina atavala zitenje za nkhope yake.

Kwa a Zakeyu sindinabwererenso, ndipo iwo sanandifunefune. Ojambula anali atachuluka, aliyense wokhala ndi foni. Patapita zaka nyuzipepala ija inafa, chifukwa anthu anayamba kutumizirana zithunzi zotere okhaokha, zopanda ngakhale kamzere kakuda. Ndinamva kuti a Zakeyu analowa ntchito yoyankhulira nduna ina. Sindinadabwe.

Ine ndinabwerera kumisewu. Ndinajambula maliro, miyambo yotsanzikana ku sukulu za mkaka, ndi ng'ombe za anthu ofuna kugulitsa. Chithunzi choyamba chija, cha nkhope ya nduna, ndinachitsukitsa n'kuchiika mu envulopu pansi pa chikwama. Sindinganene kuti ndinkamufunafuna Tinenenji. Koma basi ikaima paliponse ndinkayang'ana pakamwa pa amayi ogulitsa malonda pawindo, ndipo ndinkatsika m'matauni amene ndinalibe nawo chochita.

Ndinamupeza pamphambano ina pamene misewu itatu imakumana, pamalo opanda mtengo ndi umodzi womwe. Anali pachiwaya akukazinga tchipisi, mutu atamanga duku, mikono ili ndi zipsera za mafuta. Anali atakalamba kuposa zaka zimene zinadutsa, kapena mwina zinadutsa zambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Pabenchi panali madalaivala awiri akudya. Ndinadikira achoke, kenako ndinayandikira.

Anandiyang'ana kamodzi, n'kubwezera maso m'mafuta.

"Mwafika, achimwene. Khalani pabenchipo."

Ndinakhala. Ndinatulutsa envulopu ija n'kumupatsa. Anapukuta manja pachitenje, nasolola chithunzicho, n'kuchiyang'ana atachitalikitsa monga amachitira anthu amene maso ayamba kufooka.

"Kodi anali onenepa chonchi?" anatero. "Ndamva kuti pano ndi akazembe kunja."

"Chithunzichi ndi chanu," ndinatero. "Mukhoza kuchitumiza kulikonse. Masiku ano sipafunikanso mkonzi. Dziko lidziwe kuti anali iwowo."

"Ndani amene sankadziwa? Dalaivala ankadziwa. Apolisi amene anandimanga ankadziwa. Akazi awo ankadziwa, mpaka tsiku lake. Anthu sankafuna nkhope ya anduna, amaiona kale pazitenje. Ankafuna yanga." Anabwezera chithunzicho mu envulopu n'kuiika pabenchi pambali panga. "Tengani katundu wanu. Mukufuna nditulukenso kachiwiri, ulendo uno ndi msana?"

Anatembenukira kukanyumba kamene kanali kuseri kwa chiwaya.

"Mtisu, bweretsa madzi, kwabwera alendo."

Munatuluka mayi wachitsikana, wamtali, mwana ali kumsana, atanyamula jagi ndi beseni. Anali ndi chipumi cha mayi ake.

"Awa ndi amene anatijambula aja," anatero Tinenenji, ngati akunena za munthu amene anawathandiza kusenza katundu padepoti.

Mtisunge anayandikira. Anagwada patsogolo panga, naika beseni pansi, n'kuyamba kundithira madzi m'manja pang'onopang'ono. Sanayang'ane pansi monga amachitira ana aulemu. Anandiyang'ana m'maso mpaka madzi anatha m'jagi, kenako anayang'ana kamera imene inali pachifuwa panga. Ndinaikankhira kumsana. Anadzuka n'kubwerera m'nyumba.

Tinenenji anandiikira tchipisi m'mbale, nathirapo kabichi ndi mchere. Ndinadya chifukwa sindinadziwe chochita china. Ndinamaliza zonse. Iye ankatembenuza mbatata m'mafuta, kukankhira zopsa m'mbali mwa chiwaya.

"Mayeso aja sanalembenso?" ndinafunsa.

"Anayesa pa sukulu ina chaka chotsatira. Pepala lija linakafika iye asanafike."

Ndinaika mbale pansi. Mawu amene ndinawakonza zaka zonsezo m'mabasi anatuluka osalongosoka. Ndinati ndabwera kudzapepesa. Ndinati sindinkafuna kuti zithe choncho, kuti a Zakeyu anandipusitsa, kuti kuyambira tsiku limenelo sindinakhalepo ndi mtendere. Ndinati ine si munthu wotero.

Anandisiya ndilankhule mpaka ndinatha. Kenako anatsamira mpini wa chokazingira, n'kundiyang'ana bwinobwino kwa nthawi yoyamba.

"Onse ankatero akamaliza," anatero. "Amakhala m'mphepete mwa bedi akuvala masokosi, n'kuyamba kundiuza kuti iwo si anthu otero. Kuti kunyumba kuli mavuto, kuti ntchito ndi yolemetsa. Ena mpaka misozi. Ndiye ine ndinali ndi mawu anga owauza, kuti avale msanga azipita."

Lole ina inaima m'mbali mwa msewu, ndipo anthu atatu anatsika akubwera kuchiwaya. Tinenenji anawerama n'kutola mbale yanga.

"Palibe kanthu, bwana," anatero. "Muyende bwino."

Ndinanyamuka kuti anthuwo apeze pokhala.